Akuyendetsa, Ayankha Akaima

Chiyamiko anakumana ndi Brighton pa depoti ya Balaka, tsiku lomwe ankapita kukayamba uphunzitsi ku Ntaja. Kumbuyo kwa minibasi kunali kutadzaza anthu ndi matumba a chimanga, ndiye anamukhazika kutsogolo, pafupi ndi dalaivala, yemwe anali Brightonyo.

Asanafike pa Liwonde, foni ya dalaivalayo inalira. Sanaiyang'ane. Anaisolola m'thumba la malaya n'kumupatsa Chiyamiko, maso ali pamsewu.

"Achemwali, tandiwerengerani. Ine ndikagwira chiwongolero sindiwerenga foni."

"Ndi abwana anu. Akufunsa kuti muli pati."

"Alembereni kuti: Akuyendetsa, ayankha akaima."

Chiyamiko anali atakwerapo madalaivala opana foni pakati pa khutu ndi phewa, ena olemba uthenga ndi chala chimodzi uku akupitirira lole. Wotere anali asanamuonepo. Munthu wosamala miyoyo ya anthu osawadziwa angalephere kusamala mtima umodzi? Pofika pa Nsanama, nambala yake anali atailemba yekha mu foniyo.

Mauthenga anayamba kubwera. "Duwa langa la ku Balaka, wadya?" Tsiku lina: "Mpando wa kutsogolowu ndi wako mpaka imfa. Ena amangobwereka."

Nthawi ya buleki kusukulu Chiyamiko ankamulembera. Kawirikawiri yankho linkabwera lomwe lija: "Akuyendetsa, ayankha akaima." Ankamwetulira n'kuonetsa aphunzitsi anzake. Iwo ankati wachita mwayi, amuna otere anatha.

Ankhoswe anakumana, nsalu zinagulidwa, chinkhoswe chinaikidwa Loweruka loyamba sukulu zikatsekera.

Lachinayi la sabata imeneyo Chiyamiko anakwera pa Ntaja kupita kwawo kukakonzekera. Anakhala pampando wake, foni ya Brighton ili pamiyendo monga mwa nthawi zonse. Mabuleki ankalira pa siteji iliyonse. Atadutsa pa Nsanama uthenga unalowa.

"Ndani, mtima wanga?" anafunsa Brighton.

"Jamali Makanika."

"Usiye. Ndiwerenga tikaima."

Kumbuyo kwawo kunali bambo wachikulire wovala kofia, Che Abdulwahab, wogulitsa nsalu mumsika wa Ntaja. Anasendeza mutu kutsogolo.

"Iyayi, werengani mama. Mabuleki awa akulira chichokereni pa Ntaja. Timve nawo zomwe makanika akunena. Tasiya ana kunyumba ife."

"Zoona, werengani alamu," anavomereza ena akuseka.

Chiyamiko anatsegula uthengawo n'kuwerenga mokweza, momwe amawerengera m'kalasi. Anafika pakati asanazindikire chomwe akuwerenga, ndipo atazindikira sanaime.

"Dadi, mawa ndikwera pa Liwonde, ndikupita ku sikelo. Mpando wanga wa kutsogolo usapatse wina. Mwana wako akukankha m'mimbamu ngati akuponda mafuta. Tasha wako."

Maso onse anatembenukira kwa dalaivala.

"Makanika ameneyu ndi woyembekezera?" anafunsa Che Abdulwahab pang'onopang'ono.

Brighton anatambasula dzanja kuti alande foniyo, maso anachoka pamsewu. Minibasi inakhotera kumbali. Wa kabaza yemwe anali patsogolo pawo anathawira m'udzu ndi mtolo wake wa makala.

"Mayo ine, mutipha!" anakuwa mayi wina kumbuyo.

"Manja onse pa chiwongolero," anatero Chiyamiko osakweza mawu. "Lamulo ndi lanu lomwe."

Chiyambireni chibwenzi chawo, aka kanali koyamba kumutchula kuti inu.

"Chiya, duwa langa, ndilole ndifotokoze."

"Mufotokoza mukaima. Mwanyamula anthu."

Brighton anagwira chiwongolero ndi manja awiri, thukuta likutsika m'khosi. Msewu unali wokhotakhota, ndipo poima panalibe.

Chiyamiko anakumbukira mayankho onse aja omwe ankaonetsa anzake. Ankawalemba ndani? Analemba nambala yake mu foniyo kuti aone. Dzina lomwe anaikamo ndi chala chake tsiku loyamba lija munalibe. Panatuluka lina: Walter Matayala.

Choncho panali mtsikana wina, pampando womwewu, amene ankayankha wogulitsa matayala mwaulemu, naye akunyadira mwamuna wosamala. Amukwiyire chiyani? Onse awiri anali alembi a bwana mmodzi.

Anatsegula uthenga wa Tasha n'kuyankha: "Akuyendetsa, ayankha akaima." Anaganiza pang'ono, kenako anawonjezera: "Akaima mumufunse kuti Walter Matayala ndi ndani, ndipo Loweruka kuli chiyani ku Balaka."

Pa Liwonde minibasi inaima. Brighton anazimitsa injini n'kutembenuka, maso atafiira.

"Ndaima tsopano, mtima wanga. Ndimvere."

"Yambani kuyankha makanika. Iwo ndi amene adikira nthawi yaitali."

Anasiya foniyo pampando n'kutsika ndi chikwama chake. Ali pansi pa mtengo wa pa siteji anaimbira amalume ake, omwe anali nkhoswe, kuwauza kuti asalipire mahema.

Kondakitala wa minibasi ina ya ku Balaka anamuthamangira.

"Amadamu, kutsogolo kuli malo."

"Iyayi," anatero Chiyamiko, akupukuta m'maso. Analowa mkati n'kukapanikizana ndi matumba a chimanga, kumbuyo kwenikweni.