Munthu Amene Anasiya Kompyuta Ikumanga

Mmisiri wina wa makompyuta anatuluka mochedwa pantchito, basi yomaliza itapita kale. Sikuti ankakonda kuyenda usiku. Chinamuchedwetsa ndi laputopu ya achemwali ake, imene inali itasiya kulankhula.

Achemwali akewo anasiya kuona adakali mtsikana, ndipo laputopuyo ndiyo inali maso awo. Munali pulogalamu yowerenga mokweza chilichonse cholembedwa, m'chilankhulo chawo chomwe: mauthenga a mwana wawo amene anali kukoleji, nkhani za tsikulo, ndi Mawu a Mulungu m'mawa uliwonse. Anawaikira kusukulu ya osaona kalekale, mmisiriyo asanaphunzire n'komwe ntchitoyi. Iwo ankavala timahedifoni tawo n'kukhala pakona, akumwetulira okha. Iye anali asanamvepo kuti mawuwo amamveka bwanji. Tsiku lina anati awaikire zatsopano kuti makina aziyenda bwino, ndipo kuyambira pamenepo laputopu inangoti zii. Achemwali sanadandaule. M'mawa ankakhalabe pakona pomwepo, manja pamiyendo, ndipo zimenezo n'zimene zinkamupweteka kwambiri.

Mmisiriyo anali m'kagulu ka anthu odzipereka amene ankasamalira pulogalamu yaikulu yoyendetsa makompyuta akale, yaulere, imene aliyense akhoza kuitsegula, kuiona m'kati ndi kuikonza. Kachitidwe kawo kanali kakuti sankagawa mapulogalamu omangidwa kale. Iliyonse inkabwera ngati zolemba za mwini wake pamodzi ndi malangizo omangira, ndipo kompyuta inkaimanga yokha molingana ndi mphamvu zake. Zikatheka, ngakhale makina okalamba ankathamanga. Koma kumangako kunkadya usiku wonse, ndipo malangizo akalakwika ankasowa woyankha. Malangizo a pulogalamu ya mawu ija analembedwa ndi munthu wongodziwika pa intaneti kuti Njuchi. Mmisiri anamulembera kangapo, poyamba mwaulemu, kenako mokalipa. Yankho kunalibe.

Madzulo amenewo anakangana ndi mnzake wa pantchito ndi wa m'kaguluko, amene onse ankamutcha Phuma.

"Akulu, anthu akufuna kompyuta, osati ng'anjo," anatero Phuma akutseka chikwama. "Munthu akufuna kulemba kalata, ife tizimuuza kuti adikire njerwa zipse? Mawa pamsonkhano tivote. Titenge zomangidwa kale, zonse zopanda mwini tichotse."

"Zomangidwa kalezo zimalankhula chilankhulo cha achemwali anga?"

"Sizilankhula. Koma yanuyo ikulankhula chilankhulo chanji panopa? Njuchi yanu ija inauluka ndi uchi wake."

Mmisiri anadziwa kuti mnzakeyo sankanama. Phuma anaima pakhomo, n'kuvula jekete yake, n'kuiponya pampando.

"Kunjaku kwazizira, mudzabweze. Ikalankhula pofika mawa, ine ndikakhala chete pamsonkhanopo. Ikapanda kulankhula, musadzandide."

Phuma atapita, mmisiri anayesanso, nayesanso. Nthawi zonse mizere inkathamanga pa sikirini, n'kudzaima pamalo amodzimodzi. Potsiriza analongedza laputopuyo, n'kuvala jekete ija, n'kutuluka. Mlonda wa pageti anadzuka pabenchi pake, n'kumupatsa tochi yake yomwe.

"Nanga inu mutsala ndi chiyani, bambo?"

"Ine mdima ndi m'bale wanga. Pitani ndi Mulungu."

Msewu unali wopanda munthu. Mashopu anali otseka, zitseko zachitsulo zitatsitsidwa. Ankayenda akuwerengera m'mutu zimene anayesa kale ndi zimene zinatsala, koma chotsala panalibe. Ankaganiza za mmene akawauzire achemwali kuti mawu aja sabweranso. Anapemphera chapansipansi, pemphero la munthu wotopa, lopanda mutu weniweni. Magetsi a mumsewu anathera pamene njira imatsetserekera kumlatho. Kutsidya kwake kunali nyumba ina yopanda anthu, imene aliyense ankaidutsa mofulumira, ndipo kupitirira apo n'kumene kunali kwawo.

Atangoponda pamlatho anamva kung'ung'udza. Kunali ngati kwa munthu wotanganidwa ndi ntchito yamanja, woimba pakamwa potseka. Anaima. Kung'ung'udzako kunaimanso. Pansi madzi ankayenda mwakachetechete.

Anayamba kuyenda. Kunayambanso, tsopano pafupi.

Anatembenuka n'kuwalitsa tochi. Palibe. Pobwezera nkhope kutsogolo, munthu anali ataima pambali pake penipeni!

Anali bambo wamtali, wa malaya oyera opinda manja, wopanda juzi m'chisanu chonsecho. M'manja ananyamula batire lalikulu la galimoto, atalikumbatira ngati khanda, koma sankapuma movutikira ngakhale pang'ono.

"Yatha?" anafunsa bamboyo.

"Pepani, bambo... chiyani?"

"Yanga ndinaisiya ikumanga. Yatha?"

Mawu ake anali osalala, liwu lililonse lotchulidwa palokha, ngati munthu amene akuwerengera ana. Mmisiri anadziuza kuti ndi mmisiri mnzake chabe, woti magetsi amuthimira. Anthu a ntchito imeneyi amayenda nthawi zachilendo. Anayambanso kuyenda, bamboyo n'kumayenda naye limodzi.

"Ndikunyamulireniko katunduyo?" anafunsa mmisiri, pakuti mantha sanamuchotse ulemu.

"Mwanyamula kale wanu. Wanuyo ndiye wolemera. Wakhala chete nthawi yaitali."

Chikwama chinali chotseka, kumsana. Anadziwa bwanji?

Mlathowo unali waufupi, ankaudutsa tsiku ndi tsiku. Usiku umenewo sunkatha. Anamvetsera mapazi: nsapato zake zokha ndi zimene zinkagunda. Anatsitsa tochi pansi. Chithunzithunzi chake chinali apo, chikunjenjemera. Cha mnzakeyo... panalibe.

"Ambuye, ndiperekezeni," ananong'ona.

"Pulogalamuyo mwaikwatitsa ndi chotulutsa mawu chatsopano," anatero bamboyo osamuyang'ana. "Sichiidziwa. Kachidutswa kakale kotulutsa mawu kalipobe. Kamangeni pambali, muisonyeze komweko. Musafulumire. Idzalankhula."

Mmisiri ankafuna kuthamanga, koma thupi linakana.

"Munandikalipira," bamboyo anawonjezera. Sanatero mokwiya. Anatero ngati munthu wonena kuti kunja kukugwa mvula. "Ndikanayankha. Kungoti sindinafike kunyumba."

Tochi inathima.

Anaigwedeza. Anaimenya pachikhatho. Ayi ndithu. Mumdimamo malaya oyera aja ankaonekabe, akuyandama kutsogolo kwake. Anali atawoloka tsopano, ataima pa nyumba yopanda anthu ija. Pageti panali tcheni chadzimbiri ndi loko. Udzu unali utamera mpaka m'mawindo.

Bamboyo sanatsegule geti. Sanalumphe. Anangopezeka ali m'kati!

Pawindo lina losweka panayaka kuwala kobiriwira. Mizere... mizere ikuthamanga, ikukwera m'mwamba, monga imachitira kompyuta ikamamanga. M'nyumba yopanda denga lonse. M'nyumba imene mawaya ake anadulidwa kalekale.

"Mukaona kuti yatha, mudzandiuze," anatero mawu aja, tsopano pafupi ndi khutu lake.

Apo ndiye anathamanga. Anagwa, nadzuka, nathamanganso, dzanja limodzi litagwira chikwama kuti laputopu isamenyeke. Sanacheuke. Dzina la Yesu lokha ndi limene linkatuluka pakamwa pake, lodukaduka.

Kunyumba nyale ya pakhonde inali yoyaka. Achemwali ankaiyatsa tsiku lililonse iye akachedwa, ngakhale kuti kwa iwo kuyaka ndi kuthima zinali chimodzimodzi. Iwo anatsegula chitseko iye asanagogode.

"Iwe, ukupuma ngati wathamangitsidwa ndi agalu. Akuba?"

"Ayi, achemwali."

Anamugwira kumaso ndi zala zawo, n'kutsikira pajekete. "Wazizira ngati mwala. Ndipo jeketeyi si yako, yako ilibe mabatani otere. Khala pansi."

Sanamufunsenso. Anamuthirira tiyi amene anamusungira mu fulasiki, n'kumugwira dzanja, n'kupemphera mwachidule, kuthokoza kuti wafika. Kenako anakagona. Iye tulo analibe. Anakhala patebulo nyale zonse zili zoyaka, msana utatsamira khoma. Ankadziuza kuti kutopa kumaonetsa munthu zinthu. Koma mawu aja ankabwerabe m'mutu, omveka bwino lomwe. Potsiriza anatsegula laputopu.

Anafufuza kachidutswa kakale kaja m'nkhokwe ya kagulu kawo. Kanalipo, palibe amene anakachotsa. Anakamanga pambali. Anatsegula malangizo a Njuchi, n'kusintha pamene panafunika kusintha. Zikanakhala zomangidwa kale, sakanapeza potsegula. Anayambitsa kumanga, n'kupinda manja.

Mizere inathamanga. Inafika pamalo paja pamene inkaima nthawi zonse. Anatseka maso. Atawatsegula, inali itadutsa.

Inamanga mpaka kunja kunayamba kuyera. Achemwali anadzuka, anasamba, n'kudzakhala pakona pawo monga mwa masiku onse, manja pamiyendo. Mmisiri anazula timahedifoni kuti nayenso amve ngati zatheka, n'kudina batani.

"Takulandirani," inatero laputopu. "Muli ndi mauthenga atsopano."

Kapu imene inali m'dzanja lake inagwa n'kusweka.

Mawu osalala. Liwu lililonse palokha. Omwe aja... omwe aja a pamlatho!

"Aphunzitsi!" anafuula achemwali, akuwomba m'manja, misozi ikutsika. "Abwerera! Mulungu ndi wabwino. Iwe, waswa chiyani? Usaponde, ndibweretsa tsache."

"Achemwali..." anatero mmisiri. "Mawuwa... ndi a ndani?"

"Ndi a aphunzitsi athu a kusukulu ya osaona. Sindinakuuzepo? Pulogalamuyi anaipanga okha. Ankadzitsekera m'kalasi madzulo n'kumajambula mawu awo, liwu ndi liwu, mpaka kukhosi kuuma. Ife tinkawatcha a Njuchi, chifukwa akagwira ntchito ankang'ung'udza osaleka. Ukamva kung'ung'udza m'khonde umadziwa kuti thandizo lafika."

Mmisiri anagwira m'mphepete mwa tebulo. "Amakhala kuti?"

Achemwali anatembenuzira nkhope kumene kunali mawu ake.

"Ankakhala nyumba ya kutsidya kwa mlatho ija. Iwe unali usanabwere kuno. Usiku wina magetsi anathima kompyuta yawo ikumanga, ndiye anathamangira kwa mnzawo kukabwereka batire kuti ntchito isaonongeke. Pobwera, lole inawagunda pamlatho pomwepo. Tinakawaika ife, titagwirana mapewa, mwana wanga ali kupulayimale."

Laputopu inali itayamba kuwerenga uthenga woyamba. "Amayi, bwanji mwangoti zii? Ndikudera nkhawa." Mawu a munthu wakufa, akunena za mwana wamoyo. Mmisiri anatsetsereka n'kukhala pansi, pakati pa zidutswa za kapu, thupi lonse lili tsemwe.

Achemwali anapapasa mpaka anapeza mutu wake, n'kusiya dzanja pomwepo.

"Sindikudziwa chimene wakumana nacho usiku uno, ndipo sindikufunsa. Koma kumsonkhano kwanuko ukamuuze mnzako uja, amene umandiuza kuti amadana ndi zakale, kuti mawuwa asawataye. Mwini wake sangajambulenso ena."