Sitandi Inali Pansi

Ntchito yanga ndi yochiritsa ziweto, ndipo mafamu ambiri amene ndimapitako ali kumapiri komwe galimoto imakana. Ndiye ndimayenda pa njinga yamoto, zikuluzikulu zija za matayala a mano. Njingayo inali ndi vuto limodzi. Pafupi ndi sitandi, kamwendo koimikira kaja, pali kaswichi kamene kamazimitsa injini ukalowetsa giya sitandi ili pansi. Nkothandiza, koma anakaika mmunsi momwe matope amafikira. Nthawi ya mvula kankanama. Ndili pakati pa chithaphwi, injini zii.

Tsiku lina chakumadzulo ndinakaima pagalaja ya alamu anga, amuna awo a achemwali, buluku lili matope okhaokha.

"Alamu, kaswichi aka muthane nako lero. Apo ayi ndikawauza achemwali kuti anakwatiwa ndi makaniko wa mawilibala."

Anaseka, nagwada pambali pa njinga.

"Kofunika nkukasamutsa, kakwere mmwamba momwe madzi safika. Koma kachitsulo komangirira ndilibe mpaka mawa. Lero ndingolumikiza mawaya awiriwa, kasakuvutitseninso. Koma mumve bwino, alamu. Sitandi ikatsala pansi palibe chokuuzani. Mukadzakhotera kumanzere idzakola pansi, nkukuponyani."

"Ine si mwana," ndinatero.

Anapota mawayawo, nakulunga tepi. Asanasambe nkomwe mmanja, foni yanga inalira. Pafamu ina ya pamwamba pa phiri ng'ombe inkalephera kubereka.

Thole linatuluka lamoyo, koma linandimaliza mphamvu. Pomwe ndimasamba mikono kunali kutada. Mayi wa pafamupo anati ndigone, ndinakana chifukwa mwana wanga wamkazi ankandidikira kunyumba. Pageti ndinatsika, ndinatseka, ndinakweranso nkumapita.

Msewu wotsika phirilo umayamba wowongoka. Kenako umakhota mwadzidzidzi kumanzere, ndipo kumanja kwake kuli phompho. Usiku umenewo kunali nkhungu. Nyali inkangoonetsa miyala ya patsogolo pa tayala. Komabe ndinkathamanga, maganizo ali kunyumba.

Injini inazima.

Siinatsokomole, siinagwedeze. Inangoti zii, ndendende mmene inkachitira ndi kaswichi kaja. Ndinagwira mabuleki, njinga inakhwekhwereza, ndinaponda pansi. Nyali inali ikuyakabe.

Pomwe kuwala kunkathera panaima munthu.

Anavala helemeti yakale, galasi lake losweka pakati. Jekete lake linali lonyowa ngati wavuuka mumtsinje, chikhalirecho mvula inali itakata masana. Anayamba kubwera. Mwendo wakumanzere ankachita kuukoka. Ndinatchera khutu kuti ndimve nsapato pamiyala. Sindinamve kanthu.

"Zikomo, bambo," ndinatero. Mawu anatuluka ngati a mwana.

Anaima patsogolo pa tayala. Nkhope sinkaoneka. Anakweza dzanja pang'onopang'ono, naloza pansi, kumanzere kwanga.

"Mwendo, mayi."

Ndinayang'ana mwendo wanga.

"Wa njinga. Uli pansi."

Mawuwo sanachokere kumene anaima. Anamveka mkati mwa helemeti yanga, pakhutu penipeni, ofatsa ngati a munthu wodzutsa wodwala.

Ndinawerama. Sitandi inali pansi, yotambasuka, nsonga yake ikunyezimira chifukwa chokhula miyala. Chichokereni pageti paja ndinkayenda nayo choncho. Ndinaikankha ndi chidendene, inalowa mmalo mwake, khwa!

Nditadzutsa mutu, munthu uja anali patali, wandifulatira, waima mmphepete mwa msewu. Nkhungu inadutsa pakati pathu. Itapita, panalibe munthu.

Ndinakhudza batani kamodzi kokha, injini inalira. Ndinayenda ngati ndanyamula mazira, mapazi akukhudza pansi. Sindinapite patali, kona ija inatulukira. Ndinaunika kumanja. Kunalibe mtengo, kunalibe chitsulo chotchinga, mdima wokhawokha kutsika. Ndinatsegula galasi la helemeti nkukuwa mu nkhungumo kuti, "Zikomo!"

Kunyumba ndinapeza mwana wanga akulemba za kusukulu patebulo. Ndinamukumbatira osavula ngakhale magolovesi.

"Amayi, mukununkha ng'ombe," anatero, akudzikoka. Sindinamusiye.

Mmawa ndinalawirira kugalaja, ndinawafotokozera alamu zonse. Anamasula tepi. Mawaya anali opotana zolimba mmene anawasiyira. Anatsitsa sitandi, analiza injini, analowetsa giya. Injini inangopitiriza kulira. Anaona mafuta, anaona batire, anatsata waya uliwonse mpaka pansi pa mpando.

"Palibe chimene chikanaizimitsa," anatero. Tsiku limenelo nthabwala panalibe. Anakadula kachitsulo, anakweza kaswichi kuseri kwa chopondera, anabwezera mawaya mmalo mwake, nkuyesa mobwerezabwereza mpaka ndinawagwira dzanja.

Wowotcherera zitsulo wa pakhomo loyandikana anali atamva zonse. Anazimitsa makina ake, nabwera pafupi, magalasi akuda ali pamphumi.

"Pakona ya pamwamba pa phompho?" anafunsa motsitsa mawu. "Kalekale panagwa bambo wina wonyamula mankhwala a kuchipatala. Anamupeza mumtsinje pansipo, njinga ili pamwendo. Sitandi inali yopindika. Oyendetsa malole amati nkhungu ikagwa amamuona."

"Iwe, kagwire ntchito yako," alamu anamudula.

Koma iye sanasunthe. Anandiyang'ana ine.

"Mayi, sanakupempheni kuti mumunyamule?"

"Ayi."

"Ena amawapempha. Amati akufuna akafike kwawo, ana akumudikira. Palibe amene anaimapo. Onse amathawa."

Ndinafunsa dzina la bambo anagwayo, ndinafunsa kwawo. Wowotcherera anapukusa mutu, sankadziwa. Ndafunsanso pamafamu onse a phirilo, palibe akukumbuka.

Pakona paja ndimadutsabe, nthawi zina kutada. Mantha ndimakhala nawo, sindinama. Koma nkhungu ikagwa ndimachepetsa liwiro, nkusendera kutsogolo pampando kuti kumbuyo kutsale malo. Akadzandipempha, ndidzamunyamula.