Vincent ndi Mvula ya Chizimalupsa

Banja la achimwene anga a Gladson ku Nambuma linali labwino, ndipo sindikukometsera ayi. Ankapemphera limodzi, ankalima limodzi, nkhokwe yawo inkafika mpaka masika. Misozi inabwera ndi mwana wawo woyamba, Vincent.

Chaka chimene Vincent analemba mayeso a Folomu 4, ngolo inawagwera a Gladson n'kuthyoka mwendo. Anamuitana mnyamatayo n'kumupatsa thumba la mbewu ya chimanga, lokhalo limene anali nalo.

"Munda uli m'manja mwako chaka chino," anatero. "Upange mizere msanga. Mvula yoyamba usabzale nayo, imeneyo ndi chizimalupsa, imangozimitsa moto wa m'tchire n'kupita. Mulungu anaika chilichonse pa nthawi yake: dzuwa, mwezi, mvula, ngakhale inswa."

"Ndamva, bambo."

Anamva chiyani! M'mawa khasu paphewa, koma ulendo wothera kumsika kwa Evance, mnzake wa kusukulu wogulitsa kachasu, mnyamata wolongolola ngati wailesi.

"Aise, madala akukunamiza," ankatero Evance uku akuthira. "Dongosolo lake liti? Dzikoli linangochitika lokha, lilibe mwini. Mvula imagwa mwamwayi, munthu amalemera mwamwayi. Imwa!"

Mayi ake a Vincent, a Rozaria, anayesa kumubweza. "Vincent, kodi dzuwa linayamba latulukirapo kumadzulo? Unaonapo nyemba zikubala mtedza?"

"Zimenezo n'zachikale, amayi. Ife tinapita kusukulu."

Ndinalipo ine tsiku limenelo, ndipo manja anandiyabwa. Sukulu yake iti yophunzitsa mwana kuyankha mayi ake chonchi?

Kumayambiriro kwa Novembala mvula inagwa tsiku limodzi lokha. Vincent anaona kuti apa ndi pothana nayo ntchito kamodzin'kamodzi. Ananyamula thumba lija.

"Iwe mwana, bwerera nayo mbewuyo!" anakuwa a Gladson ali pakhonde, akulephera kudzuka.

"Zonse ndi mwayi, bambo!"

Anabzala thumba lonse pa mizere ya chaka chatha, masana n'kubwerera kwa Evance. Chimanga chinamera ndithu. Kenaka dzuwa linaswa mtengo masabata atatu, mbewu yonse n'kupserera.

Mvula yeniyeni inabwera mu Disembala. Mudzi wonse unatuluka kukabzala, a Rozaria ali pakhomo manja ali m'khosi. Chimanga cha m'nkhokwe chinali chitagulitsidwa kale pochiza mwendo wa a Gladson, ndipo pofika Januwale, azing'ono ake a Vincent ankagonera phala la gaga. Ndinalira, komanso ndinapsa mtima.

Vincent anayamba kuyenda kufuna ganyu. Anafika pa munda wina wa chimanga chobiriwira, chofika m'chiuno, ndipo mwini wake anali Evance.

"Iwe unabzala liti?" anafunsa Vincent.

"Ndi mvula yeniyeni. Ukuyesa ndine wamisala?"

"Suja unkati dziko lilibe dongosolo?"

Evance anaseka chikhakhali. "Zija ndi nkhani za pamowa, aise. Ine ndinkafuna kachasu wanga ayende. Ukufuna ganyu eti? Khasu ilo, bandira."

Vincent anawerama n'kuyamba kubandira chimanga cha munthu amene anamunamiza, kuti apeze kambale ka ufa kokapatsa bambo ake.

Ana inu, tamverani. Dzikoli lili ndi Mwini, ndipo anaika nthawi ya chilichonse. Mukanyoza dongosolo lake, mvula siisintha tsiku chifukwa cha inu. Ndipo wokuuzani kuti zonse ndi mwayi, pitani kaye mukaone munda wake.