Ndani Akanyamule Mamá ku Zóbuè?

Gizela ankakhala ku Moatize. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti Mamá abwerere kunyumba.

Mamá ankadwala chifuwa. Ankatsokomola m'mawa. Ankatsokomola masana. Amalume a Timóteo anabwera kudzawatenga. Anapita nawo kwawo ku Malawi, pafupi ndi chipatala.

Nyumba inangoti zii. Fumbi la malasha linadzaza pawindo. Gizela ankalemba pafumbipo ndi chala: MAMÁ. Ankawasowa kwambiri.

Gizela anali ndi mchimwene wake wamkulu, Délcio. Ankamuitana kuti Mano, kutanthauza achimwene. Délcio anali atangoyamba Chingelezi kusukulu. Mawu ankadziwa ochepa. Koma matama ake, eee!

"Pick up!" ankatero Délcio, akuloza nsapato pansi.

"Ndiye kuti chiyani, Mano?" Gizela ankafunsa.

"Ndiye kuti tola. Nyamula. Pick up!"

Gizela ankatola nsapato. Ankatola supuni. Ankatola chipewa cha Papá.

Tsiku lina foni ya Papá inalira pamkeka. Papá anali akusamba kuseri.

"Pick up!" Délcio anafuula ali panja.

Gizela anatola foni. Anaikweza m'mwamba. Foni inkangolirabe.

"Iwe, yankha!" anatero Délcio.

"Koma Mano, mwati nditole!"

"Kuyankha foni nakonso ndi pick up!"

Gizela anapukusa mutu. Kenako anayankha.

Anali amalume a Timóteo. Amalumewa ankakonda Chingelezi ngati mchere. Ankathira paliponse.

"Gizela, mwana wa mlongo wanga!" anatero amalume. "Mayi ako she is picking up! Loweruka mubwere ku Zóbuè, pamalire. Come and pick her up!"

Foni inaduka. Papá anafika ndi sopo kukhutu. Anayesa kuimba. Sinalowe. Anayesanso. Sinalowe.

Onse atatu anakhala pakhonde. Gizela anabwereza mawu a amalume. Sanaiwale ngakhale amodzi.

"Picking up," anatero Délcio. "Mwina Mamá akutola mankhwala."

"Nanga pick her up?" Gizela anafunsa.

Délcio anakanda mutu. "Ndiye kuti tikawanyamule. M'manja."

Papá anakumbukira china chake. Iwo ankagwira ntchito kumgodi wa malasha. Kumeneko anamvako mawu amenewa.

"Pikapu ndi galimoto yosatseka kumbuyo," anatero Papá. "Mlamu akufuna tipite ndi pikapu. Ndiye kuti mayi anu sangakhale pampando m'shapa, minibasi ija, ngati anthu ena. Akufunika kugona."

Gizela anayang'ana Papá, kenako Délcio. Mamá sakutha kuyenda! Ndani akawanyamule?

Papá ankamva msana. Délcio anali woonda ngati bango. Gizela anachita mantha. Akasowa wowanyamula, Mamá abwereranso ku Malawi.

"Ndikawanyamula ndine," Gizela anadziuza yekha.

M'mawa anayamba kuyeserera. Ananyamula chigubu cha madzi. Hii! Chinanyamuka.

Ananyamula thumba la makala. Hii! Linanyamuka pang'ono. Nkhope yake inada bii.

Ananyamula mbuzi ya aneba. Hii! Mbuzi inati, "Meee!" Inamuponda pamimba n'kuthawa.

Kenako anagwira Délcio m'chiuno. Hii! Onse awiri anagwa pansi, khu!

"Iwe, ukuchita chiyani?" Délcio anafunsa.

"Ndikuphunzira pick up," anatero Gizela. "Ndikufuna ndikanyamule Mamá."

Délcio sanaseke. Anamusasa fumbi kumsana. Nayenso ankawasowa Mamá.

Loweruka linafika. Papá anabwereka pikapu kwa mnzawo, a Assane. Kumbuyo anaikako matilesi. Anaikako bulangete. Gizela anaikako pilo wake.

Galimoto inanyamuka. Fumbi la Moatize linatsala m'mbuyo. Msewu unakwera mapiri. Mphepo inayamba kuzizira.

Ku Zóbuè kunali anthu ambiri. Magalimoto akuluakulu anali pamzere. Amayi ankagulitsa mbatata ndi tomato.

Gizela anaima pafupi ndi chipata. Anapinda manja a juzi yake. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Ankafuna munthu wonyamulidwa. Sanamuone.

Anadikira. Anadikirabe. Misozi inayamba kulengeza.

"Gizelaaa!"

Mayi wina ankabwera chothamanga. Pamutu anali ndi dengu lalikulu la kabichi. Kumbuyo kwake kunali bambo wonenepa, akupuma wefuwefu.

Gizela anatikita maso. Anali Mamá! Mamá ankathamanga! Wotsalira uja anali amalume a Timóteo.

Mamá anatula dengu. Anakumbatira Gizela. Anakumbatira Délcio. Anagwira dzanja la Papá osalisiya.

Kenako anasuzumira m'galimoto.

"Matilesi awa ndi a ndani?" Mamá anafunsa. "Kodi wadwala ndani?"

Papá anayang'ana amalume. "Mlamu, si munati tibwere ndi pikapu?"

"Munati tidzawanyamule m'manja," anatero Délcio.

"Munati akutola," anatero Gizela.

Amalume anaseka. Anaseka mpaka anakhala pansi. Anaseka mpaka misozi.

"Ana inu!" anatero amalume. "Wodwala akamachita pick up, ndiye kuti akupeza bwino. Akuchira. Mphamvu zikubwerera."

"Nanga pick her up?" Gizela anafunsa.

"Ndiye kuti bwerani mudzawatenge. Mudzawachingamire. Basi!"

Délcio anayamba kupinda zala. "Kutola. Kunyamula. Kuyankha foni. Kuchira. Kuchingamira."

"Ndi galimoto yomwe," anatero Papá.

"Mawu amenewa ndi adyera," anatero Gizela. "Atenga ntchito za anzawo onse!"

"Mlamu," anatero Papá, "ulendo wina mudzalankhule Chinyanja. Mwatidwalitsa mtima."

Onse anaseka. Koma Gizela anayang'ana timanja take. Anali atavutika nato kwambiri.

"Mamá, ine ndinakonzeka," anatero chapansipansi. "Ndinanyamula chigubu. Ndinanyamula makala. Ndinanyamula mbuzi. Ndimaopa kuti mubwerera ku Malawi."

Mamá anasiya kuseka. Anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali.

"Bwera, mwanangu," anatero Mamá. "Ndinyamule."

Gizela anawagwira m'miyendo. Anatseka maso. Hii!

Mamá anaimira pa zala za kumapazi mwakachetechete.

"Ndanyamuka!" Mamá anafuula. "Taonani, mwana wanga wandinyamula!"

Papá anaomba m'manja. Amalume anaomba m'manja. Délcio anaona mapazi a Mamá, koma sanaulule.

"Tsopano ndi ine," anatero Mamá.

Anawerama. Anamunyamula Gizela m'mwamba. Manja a Mamá anali amphamvu. Sanatsokomole ngakhale pang'ono.

Gizela anawagwira m'khosi. Anawanong'oneza kukhutu.

"Pick up, Mamá."

"Pick up, mwanangu."

Pobwerera ku Moatize, matilesi aja sanapite pachabe. Anagonapo ndi Gizela, mutu uli pamiyendo ya Mamá.