Thumba Limene Frazer Anakana Kukhuthula

Kodi mukuganiza kuti ndani anadya chimanga chimene Frazer anasenza pamutu kuchokera ku Zambia, kudutsa m'nkhalango ya Kasungu? Musafulumire kunena kuti ndi ana ake.

Dzinja lapitalo makuponi a feteleza anafika ochepa m'mudzi mwawo, kumadzulo kwa Nkhamenya. Thumba limodzi mabanja anagawana ndi mbale, ndipo zokolola zinavuta. Pofika Febuluwale nkhokwe zinali zitayera. Fodya anali akadali m'zigafa, ndipo fodya sadyedwa. Mwana wamng'ono wa Frazer anayamba kutupa mapazi.

Mlamu wake Samsoni, mlongo wa mkazi wake Elube, ndiye anabwera ndi nzeru. Kutsidya kwa malire alimi ankalipira ganyu ndi chimanga. Ndalama yokwerera galimoto panalibe, choncho njira inatsala imodzi: kudula m'nkhalango wapansi, ngakhale malamulo saloleza.

Samsoni anatenganso Ernest, tenanti wochokera ku Mulanje amene ankalima fodya pa esiteti yapafupi. Bwana wake anali atasiya kupereka chakudya.

"Alamu, atenanti m'tchire?" anatero Frazer. "Awa amadziwa kuthyola tiyi basi. Akaona njovu aziti ndi phiri lakwawo."

"Achimwene, njovu sindiidziwadi," anayankha Ernest, "koma njala ndimaidziwa kuposa inu."

Samsoni anaseka. "Mutu ali nawo, asenza. Tiyeni."

Analowa m'nkhalango m'mawa kudakali mame. Udzu unali wopitirira msinkhu wa munthu, ndipo kashembe ankawaluma m'makosi. Masana anakumana ndi njovu zili ndi ana, nagona chafufumimba kuseri kwa chulu mpaka zitadutsa. Anawoloka mtsinje madzi akulekeza m'mawondo. Kutsidya kwa malire anabandira minda ya eni mpaka manja anatuluka matuza, ndipo aliyense analandira thumba lake la chimanga.

Pobwerera ankayenda pang'onopang'ono, makosi atauma ndi katundu. Kumadzulo mitambo inayamba kuda.

"Tiwoloke mtsinje mvula isanagwe," anatero Samsoni, yemwe anali patsogolo. "Ukadzaza, tigona nawo kuno."

Sanapite patali. M'bango la m'dambo munatuluka njati yaikulu yokhayokha, waya wa msampha uli m'mwendo. Inamutunga Samsoni pantchafu, n'kumuponyera m'matope. Thumba lake inaling'amba pakati, chimanga mbwee! Frazer anakwera mumtengo. Ernest anakuwa akumenya chikwanje pamwala mpaka njatiyo inatembenuka n'kulowanso m'bango.

Bala linali lakuya. Ernest anang'amba malaya ake, namanga pamwamba pa balalo ndi luzi. Magazi anachepa koma sanasiye. Kenaka anadula mitengo iwiri yowongoka, namasula thumba lake, nakhuthulira chimanga chonse pansi. Anaboola ngodya za thumbalo n'kulowetsamo mitengo ija.

"Achimwene, thumba limodzi silikwanira munthu wamkulu. La awa lang'ambika. Khuthulani lanulo tipange machila. Inu kutsogolo, ine kumbuyo."

Frazer anali atatsika mumtengo. Anayang'ana chimanga cha Ernest chili m'matope, nayang'ananso thumba lake.

"Ndikhuthule? Mwana wanga mwamuona mapazi ake?"

"Anganso sanadye. Koma munthu mmodzi sanganyamule machila."

"Ndithamanga ndi thumbali, ndikaitane anyamata kumudzi. Abwera ambiri, amphamvu."

"Mtsinje ukhala utadzaza. Taonani kumwambaku."

"Ndiye mukundichedwetsa ndinu!"

Samsoni anatsegula maso. Milomo yake inali itayera. "Alamu," anatero motsitsa, "Elube mukamuuza kuti chiyani?"

Frazer sanamuyang'ane. Anadzitwika thumba lake, nalowa m'udzu.

Ernest anayesa kukoka machila a thumba limodziwo yekha, koma miyendo ya Samsoni inkakhukhuluzika pansi ndipo ankalira ndi ululu. Anamubereka kumsana ngati mwana. Ankayenda pang'ono, n'kupuma, n'kuyendanso. Matope ankamumiza mpaka m'akakolo. Mvula inayamba ndi madontho akuluakulu, kenaka inakhuthuka ndi mphepo ndi ziphaliwali, moti njira sinkaonekanso.

"Nditsitseni, a Ernest," anatero Samsoni. "Ine si m'bale wanu."

"Khalani chete, mukulemera mukamayankhula."

"Kumudzi tinakukanizani kuponi. Tinati ndinu obwera. Inenso ndinavomereza nawo."

"Ndikudziwa. Gwirani khosili bwino."

Anamva mkokomo wa mtsinje asanauone. Pamalo pamene anawoloka popita madzi ali m'mawondo, tsopano pankadutsa mitengo yathunthu, mizu ili m'mwamba. M'matope a m'mphepete munali mapazi a Frazer, ozama chifukwa cha katundu, olowa m'madzi pamene anali akadali ochepa. Anthu awiri ndi machila akanafika nthawi yomweyo.

Ernest anamugoneka Samsoni pansi pa mtengo wa mkuyu, namufunditsa thumba lopanda kanthu lija. Moto unakana kuyaka. Afisi ananunkhiza magazi, ndipo Ernest anachezera kuwathamangitsa ndi miyala, dzanja lina atagwira pabala. Samsoni anatchula mayina a ana ake, napempha madzi, Ernest namumwetsa ndi tsamba. Kutacha, Samsoni anali atazizira.

Frazer anafikadi kumudzi, ndipo anaitanadi anthu. Ena anaopa kumangidwa akapezeka m'nkhalango, ena anati adikire mvula ikate. Amene anavomera anafika pamtsinje dzuwa lili pamutu, nadikira madzi atsike. Atawoloka anapeza Ernest atakhala pansi wopanda malaya, akuingitsa ntchentche pankhope ya Samsoni ndi nthambi.

Frazer anali atabweretsa matumba awiri akale. Anthu anapanga machila abwino, olimba, ndipo manja onyamula anali ochuluka.

"Ndinathamanga, a Ernest," anatero Frazer ali m'njira. "Mulungu akudziwa, sindinapume."

"Ndinaona mapazi anu," anayankha Ernest.

Uthenga wa maliro unafika ku Kaluluma, ku Chamama ndi kwa abale onse. Anthu anabwera ambiri chifukwa Samsoni anali munthu wokondedwa, wa kwaya ya tchalitchi. Anadzaza pabwalo, ena anakhala pansi pa zigafa pothawa mvula. Adzukulu anapita kukakumba manda m'mimba muli pululu. Amayi anazungulira nyumba ndi nyumba ndi lichero kupempha ufa, koma linabwerera ndi gaga wosakwana n'komwe ana. M'mudzi monse munalibe chakudya.

Elube anadzuka pamene ankalira, nalowa m'nyumba mwake. Frazer anamutsatira. Anamupeza akukokera thumba lija pakhomo.

"Amake mwana, nanga anawa?"

"Amene akukumba manda a mlongo wanga adye chiyani?"

"Ndinavutika nalo thumbali. Tsiku lonse lili pamutu."

"Ndamva mmene munavutikira. A Ernest sananene kanthu, koma msana wawo ndauona, magazi a achimwene anga okhaokha." Anatapa mbale imodzi n'kuyiika pambali. "Iyi ndi ya phala la mwana. Chokani pakhomo."

Frazer anapatuka. Ernest sanadikire chakudya. Atathira dothi pamanda anabwerera ku esiteti chimanjamanja, kumene mkazi wake ndi ana ankayang'ana kunjira.

Anyamata anakweza thumba lija panjinga kupita nalo kuchigayo, ndipo pofika madzulo a tsiku loika maliro linali litatha. Chimanga cha Frazer anadya anthu amene anabwera kudzaika Samsoni m'manda.