Zithunzi za Bambo Wojambula

Pakhomo paja panalibe chodandaula. Bambo anali wojambula zithunzi, mwini kasitudiyo ka chipinda chimodzi kuseri kwa msika, ndipo mayi ankasoka zovala pakhonde. Ana awo anakula osamvapo chitseko chikumenyetsedwa chifukwa cha mkangano. Wotsiriza kubadwa, amene aliyense ankangomutcha Mzime, ndiye anafika mpaka kukoleji. Ankaphunzira ntchito ya mulaibulale, yosunga mabuku ndi zinthu zakale mwadongosolo kuti wozifuna azipeze.

M'chaka chomaliza wophunzira aliyense ankayenera kuchita pulojekiti yakeyake, ndipo popanda iyo digiri panalibe. Mzime sanavutike n'kusaka chochita. Kunyumba kwawo kunali makatoni a zithunzi zimene bambo ake anajambula moyo wawo wonse: akwati, ana asukulu, matimu a mpira, amisiri ali pa ntchito. Zinali m'maenvelopu, envelopu iliyonse ya tsiku lake, chaka ndi malo zitalembedwa pamwamba. Iye anati azilowetsa mu kompyuta, chilichonse ndi mayina ake, kuti anthu a m'tauniyo azitha kupeza abale awo.

Mphunzitsi womuyang'anira, mayi wosakonda kuzungulira, anavomera koma anamutsina khutu.

"Chithunzi chopanda dzina n'chipepala chabe," anatero. "Ukhale pansi ndi bambo ako, akuuze uyu ndani, kunali kuti. Ndiponso usasokoneze mmene iwo anaziikira. Pa ntchito yathu ino sitisakaniza katundu wa mwini. Wamva?"

"Ndamva, aphunzitsi."

Anamvadi, koma ndi khutu lakunja.

Tsono panali vuto limene Mzime ankalidziwa bwino lomwe. Matenda a shuga anali atayamba kuwadya maso bambo ake, ndipo adokotala sanabise kuti kuona kwawo kunali kumapeto. Masana aliwonse bambowo ankatulutsa katoni, n'kukhala patebulo pafupi ndi zenera, galasi lokulitsira zinthu lili m'manja, kudikira mwana wawo.

"Mzime, bwera tiyambe ndikadaona," ankatero. "Anthu awa ali m'mutu mwangamu, koma pamafunika maso kuti ndiwatulutse."

"Mawa, ababa. Lero ndili ndi kalasi."

Kalasi yake iti? Kalasi yake inali bala ya kuseri kwa koleji, ndipo mphunzitsi wake anali mnyamata wina amene anzake anamutcha Chidule. Ameneyo palibe anamuonapo akutsegula buku, koma pakamwa anali katswiri.

"Iwe aise, ukufuna ukalambe msanga?" ankatero Chidule uku akumukankhira botolo. "Kukhala ndi mdala tsiku lonse, kumva za anthu oti anafa kalekale? Pulojekiti ndi ya sabata yomaliza. Imwa kaye."

Mzime anamwa. Anamwa mwezi umenewo, anamwanso winawo. Pobwera kunyumba ankadutsira khomo lakuseri, kuopa kuona bambo ake ali chikhalire pazenera paja. Tsiku lina mayi ake anaimitsa makina osokera n'kumutsekera njira.

"Kodi iwe uli ndi mtima kapena mwala? Bambo ako lero aika chithunzi pamphuno penipeni, osachiona. Ukudikira chiyani? Zengerezu adalinda kwawukwawu, mwana iwe."

"Amayi, inu za kukoleji simuzidziwa. Zonse zili m'manja."

"Za kukoleji sindizidziwa, koma fungo la mowa ndimalidziwa."

Ndikunena pano mtima ukundiwawa, chifukwa mwanayo sanasowe kanthu. Ena amayenda mitunda kusaka woti awauze zakale, iye anali naye m'nyumba, wokonzeka, womupempha ndi kumupempha. Chinamulepheretsa si umphawi kapena matenda ayi, koma ulesi basi.

Nthawi yopereka ntchito itayandikira, Mzime anadzidzimuka. Ananyamula makatoni onse kupita nawo kuchipinda cha makompyuta kukoleji. Chithunzi chilichonse chinkafunika kuchiika pagalasi la sikana, makina olowetsera zithunzi mu kompyuta, kenako n'kuchibwezera mu envelopu yake. Atachita maenvelopu ochepa, thukuta linamutuluka. Chidule anafika n'kuseka mpaka kugwira m'mimba.

"Ukamaliza uli ndi imvi! Makinawa ali ndi pakamwa pamwambapa, amameza mulu wonse okha. Khutula zonse, zazikulu kwaokha, zazing'ono kwaokha."

"Nanga maenvelopu? Aphunzitsi anati ndisasakanize."

"Aphunzitsi amapereka malikisi pa maenvelopu?"

Anakhutula. Zithunzi za zaka zosiyanasiyana zinasanganikirana pansi ngati masamba ogwa, ndipo maenvelopu anawaponya mubini ya zinyalala imene inatayidwa tsiku lomwelo. Ntchito ya moyo wonse wa munthu inasokonezeka dzuwa lisanapendeke.

Panatsala mayina. Apanso Chidule anali ndi mankhwala ake.

"Ndani akuwadziwa anthu amenewa? Ungoyang'ana nkhope n'kupeka. Uyu akuoneka ngati kalipentala, lemba kalipentala. Uyu wamaso ofiira, lemba chidakwa cha pamsika."

Anapeka ali kubala, akuseka, ngati nkhopezo zinalibe eni ake.

Sabata imeneyo mdima unawatsekeratu bambo aja. Mzime atalowa m'nyumba, anawapeza akufufuza mpando ndi manja. Koma iwo, m'malo modandaula, anayamba kumulimbitsa mtima iyeyo.

"Usade nkhawa, mwana wanga. Maso apita, koma mutu ulipo. Uzindiwerengera zili pa envelopu, n'kundiuza mmene anthu aimira. Ndiwadziwa onse."

Apa mpamene mwana wamanyazi akanagwada. Koma Mzime anangonena kuti, "Ndinamaliza kale, ababa. Ndinafunsa anthu ena. Zonse zili bwino."

Bambowo anamwetulira, n'kumusisita mkono.

Tsiku loonetsa mapulojekiti linafika. Mphunzitsi uja anali ataitana anthu a m'tauni, poti zithunzizo zinali zawo, ndipo holo inadzaza. Mayi a Mzime anabwera atavala diresi yatsopano yosoka okha, atawagwira dzanja amuna awo. Anakhala kutsogolo kwenikweni.

Zithunzi zinayamba kuoneka pakhoma, chilichonse ndi mawu ake pansi. Poyamba anthu anaombera m'manja. Kenako manong'onong'o anayamba. Bambo wina wadazi anaimirira.

"Pepani, uyo ndi malemu mkulu wanga. Anali mphunzitsi, mowa sanaulawepo. Walemba kuti chidakwa ndani?"

"Mwina makina asokoneza," anatero Mzime. Anadina msanga kuti chibwere china.

Chinabwera cha mayi wachitsikana, wowonda, wovala diresi yakutha, ataima pageti atanyamula khanda. Mayi a Mzime anaimirira pang'onopang'ono, dzanja lili pakamwa.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa bambo a Mzime, akutembenuza mutu uku ndi uku. "Mayi a ana, bwanji mwandisiya dzanja? Alemba chiyani?"

Ndiye mayiwo anawerenga okha, mokweza, holo yonse ikumva.

"Alemba kuti, 'Mayi wopemphapempha ndi mwana wake.'" Anatembenukira kwa Mzime. "Ameneyo ndine, mwana iwe. Khandalo ndi mlongo wako, mwana wanga woyamba, amene sunamuone. Tinali pageti la chipatala, ndipo m'mawa mwake anatisiya. Chithunzi chake n'chomwecho, china palibe. Ndinachisiya m'makatoni a bambo ako chifukwa sindinkatha kuchiyang'ana. Lero wandiimika pamaso pa anthu kuti ndine wopemphapempha?"

Mzime anafuna pansi patang'ambika. Anayang'ana kumene kunakhala Chidule, koma mpando unali wopanda munthu.

Bambo aja anafunsa funso limodzi lokha, motsitsa mawu.

"Mzime, maenvelopu anga ali kuti?"

Mnyamatayo anangoti kakasi. Kukhala chete kwakeko kunayankha, ndipo bambowo anaweramitsa mutu.

Mphunzitsi anazimitsa makina. "Kulakwitsa timakhululuka," anatero, "koma iwe wapeka. Munthu wa mulaibulale akanama, bodza lake limawerengedwa ndi adzukulu ngati zoona. Pulojekiti iyi yakanidwa, ndipo nkhani yako ipita kwa akuluakulu a koleji."

Akuluakuluwo sanachedwe. Anzake anavala mikanjo ya digiri, Mzime ali kunyumba atachotsedwa.

Kumeneko anagwada, analira, anapepesa, ndipo makolo ake anamukhululukira, poti mwana ndi mwana. Koma madzi akatayika saoleka. Anayesa kukonza zimene anaononga. Ankatenga chithunzi pamulu uja n'kuyamba kufotokoza.

"Apa pali amuna atatu, ababa, wina wavala chipewa."

"Chaka chiti? Kunali kuti?"

"Sindikudziwa."

"Amuna a zipewa ndinajambula ambirimbiri, mwana wanga. Tenga china."

Ankatenga china, n'kutenganso china. Zochepa zinadziwika, zambiri ayi. Tsiku lina bambowo anapapasa muluwo ndi manja awo onse awiri, misozi ikutsika m'maso osaona aja.

"Anthu awa anavala zovala zawo zabwino n'kubwera kwa ine kuti asaiwalike," anatero. "Ndinawasunga zaka zonsezi, mvula ndi chiswe sizinawakhudze. Wawataya ndi mwana wanga."

Inu ana asukulu, imvani ndipo musadzati sitinakuuzeni. Ulesi suyenda wokha, umaitana bodza kuti liubise, ndipo bodzalo silisankha womupweteka. Mnzako wokuonetsa njira yachidule sadzakhalapo tsiku la manyazi. Ntchito imene mungaigwire lero, makamaka yodalira munthu amene akadali ndi mphamvu zokuthandizani, igwireni lero lomwe. Mzime anapatsidwa chikhululukiro, koma palibe anatha kumubwezera masana aja pamene bambo ake ankamudikira pazenera akadaona.