Nyama ya Kuseri kwa Chigayo

Make Kambalame ankaanula zovala pachingwe madzulo amenewo pamene fungo lija linafikanso. Linali fungo la nyama yowotcha, yamafuta, lija lomezetsa munthu malovu ngakhale wangodya kumene. Anayang'ana uku ndi uku, utsi osauona. Agalu, amene amalimbirana ngakhale fupa louma, anali atabisala pansi pa ngolo. Ananunkhiza malaya a mwamuna wake amene anawachapa ndi sopo wambiri m'mawa, napeza fungo lomwelo litakanirira m'nsalu.

Mwamuna wakeyo ankayendetsa lole yoperekera zakumwa m'magolosale, ndipo dzina lake lenileni anthu analiiwala kalekale, onse ankangoti Kalawe. Munthu ameneyu analibe luso lina padziko pano koma lilime. Mpando wothyoka panyumba sakanaukhoma, koma mumufunse kuti nyama yowotcha yabwino ili kuti, ha, mukhala pansi mpaka dzuwa kulowa. Wa pamphambano amathira mchere ngati wakwiya, wa pasiteji ya mabasi amawotcha ya dzulo, wa kumsika waukulu ali bwino koma tsabola wake ndi waulesi. Madalaivala anzake, ngakhale mabwana a mataye, ankamuimbira foni asanaime paliponse. Koma chaka chimenecho Kalawe anasiya kutchula malo onse aja. Ankati wazungulira chigawo chonse pachabe, nyama yoposa zonse ili m'mudzi mwawo momwemo, kuseri kwa chigayo chakufa chija.

Munthu amene ankawotcha kumeneko palibe ankadziwa kwawo. Anali bambo wofatsa, wa epuloni yoyera mbee, ndipo anthu ankangomutcha Wowotcha. Make Kambalame sanamukonde chiyambire. Wowotcha nyama aliyense amapachika mutu kapena ziboda za chimene wapha, kuti ogula adzionere okha ngati ndi mbuzi kapena ng'ombe. Kuseri kwa chigayo kunalibe ngakhale kachikopa, ndipo oweta onse a m'deralo ankati sanamugulitsepo chiweto. Atanena zimenezi kunyumba, Kalawe anaseka chikhakhali nati nsanje ya akazi imafika mpaka pa moto wa eni.

Kenaka maliro anayamba. Mkazi wa telala anagona ali bwinobwino, nadzuka thupi likutentha ngati mbaula, akudandaula kuti m'chipinda mwadzaza utsi. Sanathe sabata. Anatsatira mchimwene wa mmisiri womanga nyumba, kenaka mwana wa mphunzitsi, onsewo kulira utsi umene wina aliyense sankauona. Pamjigo amayi ankanong'onezana kuti m'bandakucha kumamveka mpeni ukunoledwa pamwala, ukatuluka panja phokosolo limakhala ngati lili kumbuyo kwako. Ena ankaloza nkhalamba za m'mudzimo, monga mwa masiku onse. Make Kambalame ankangoona chinthu chimodzi, kuti maliro aliwonse akaikidwa, mawa lake Kalawe ankabwera akunyambita milomo, akuti lero ndiye nyama inali yatsopano.

Akuthandiza kusesa kwa telala, anapeza pepala lonyowa ndi mafuta pansi pa bedi la malemu. Kwa mphunzitsi anapezanso lina lotero. Anamupanikiza telala ndi mafunso, telalayo nkunena kuti palibe chachilendo, Wowotcha ndi munthu wopatsa. Ukatha kudya sakulola kupita chimanjamanja, amafunsa kuti kunyumba akulungire ndani, iwe ukatchula munthu, iye nkukulunga nthuli yaulere. Telala anatchula mkazi wake. Ankafotokoza zimenezi misozi ili m'masaya, koma maso ake ankangothawira kumene kunali chigayo.

Anamuchenjeza mwamuna wake, mpaka kumugwadira. Anati adye yekha ngati wafuna kufa, koma pepala limenelo lisadutse pakhomo pake, chifukwa anali ndi mwana mmodzi yekhayo, kamtsikana kodya pang'ono kamene ankakaseka kuti Kambalame. Kalawe analumbira kuloza kumwamba. Koma malumbiro a munthu wa dyera amathera pakhosi.

Ndiye madzulo a zovala aja, akupinda malaya omaliza, anaona Kambalame akutuluka kuseri kwa nyumba milomo ili phuliphuli.

"Wadya chiyani iwe?"

"Adadi andibweretsera. Anati ndisakuuzeni."

Kalawe anali pakhonde, nkhope ili pansi. Anati Wowotcha anamufunsa pamaso pa anzake, akanayankha chiyani? Komanso mwanayo sadya, iye amati mwina anenepeko. Make Kambalame anangogwira mwanayo padzanja nalowa naye m'nyumba. Kutacha mwanayo anali moto, akupempha mayi ake kuti atsegule zenera utsi utuluke.

Anayenda khomo ndi khomo kufuna womuperekeza, koma aliyense anali ndi chonena, uyu mwendo, uyu alendo. Apo m'pamene anazindikira kuti amuna ambiri a m'mudzimo, ndi akazi ena omwe, anali odya kumeneko. Anapita yekha dzuwa litapendeka.

Kuseri kwa chigayo kunali mgolo wodulidwa pakati, waya pamwamba pake, makala ofiira psuu osatulutsa utsi. Nyama inali mulu pathebulo koma ntchentche panalibe ngakhale imodzi. Wowotcha anamulonjera mwaulemu ngati mlendo woyembekezeka, namufunsa za odwala kunyumba. Mayiyo anagwada pafumbi napempha kuti amusiye mwana wake.

"Ine sinditchula munthu, mayi," anatero Wowotcha akutembenuza nyama. "Amatchula ndi odya."

"Ndiye mufufute dzina lake."

"Nyumba imodzi, phukusi limodzi. Wotchulidwa komaliza ndiye mwini wake. Koma wosadya satchula."

Anadula kanthuli, nakapereka kali kunsonga ya mpeni. Make Kambalame ankadziwa bwinobwino chimene chinali pa mpenipo, pajatu mtembo wa mwana wa mphunzitsi anausambitsa ndi manja ake omwe. Anatsinzina, nalandira, natafuna. Chimene chinamupweteka mtima koposa nchakuti sanasanze. Nyamayo inali yokoma kuposa chilichonse chimene anadyapo chibadwire, ndipo anadzipeza akunyambita zala.

"Kunyumba ndikulungire ndani?"

Anadzitchula yekha. Wowotcha anapukusa mutu, nati munthu sadzikulungira, iye wadya kale gawo lake. Makala anathetheka. Mayiyo anakumbukira mwamuna amene anamubereka kumsana kupita naye kuchipatala tsiku lobadwa Kambalame, chitsiru chake chokondedwa chimene sichinamumenyepo ngakhale kamodzi.

"Bambo ake a mwanayo," anatero.

Anapeza Kalawe ali pakhonde pomwe paja, maso ali psuu ndi kulira. Mwamunayo anayang'ana phukusi, nayang'ana milomo ya mkazi wake, ndipo sanafunikire womasulira.

"Wanditchula ine?"

Mkaziyo anangoika phukusilo pamwendo pake. M'nyumba munamveka mawu a Kambalame, akuti utsi wayamba kuchepa, akufuna madzi. Kalawe anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anamasula pepalalo, nadya yonse osasiya ngakhale kamafuta, misozi ikugwera momwemo. Kaya anadya chifukwa cha mwana wake, kaya chifukwa analephera kudzigwira, make Kambalame sanadziwe, ndipo sanafunse.

Kambalame anachira, Kalawe anaikidwa m'manda. Madalaivala anabwera ambiri, nati chigawo chataya munthu wodziwa nyama. Anthu anadandaulira mayi wamasiyeyo kuti chisoni chikumuwondetsa, poti chakudya chilichonse ankangochikankha. Sankadziwa kuti chilichonse chimene ankaika m'kamwa chinali zii ngati utuchi.

Mawa lake la maliro, madzulo, anakhala pampando nauza mtima wake kuti sapita kulikonse. Anakhoma chitseko, kiyi nkumuponya pamwamba pa kabati. Sanadziwe kuti anamutsitsa nthawi yanji. Anangodzidzimuka ali pakhomo atavala nsapato, m'kamwa mwadzaza malovu, Kambalame atamugwira nsalu.

"Amayi, mukupita kuti? Mukandibweretsere kanthu."

Make Kambalame anatembenuka nayang'ana m'nyumba monse, mpando ndi mpando, chipinda ndi chipinda. Munalibenso munthu wina woti akamutchule.